Mlatho Woyanikidwa Padzuwa

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu wopita ku Kachebere pali kamtsinje kopanda ulemu. Chilimwe ukhoza kukadumpha uli ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Koma mvula ikangokhazikika kamatupa ngati apongozi okwiya, ndipo ngolo zimangoima tsidya lino, ng'ombe zikuyang'anizana ndi madzi. Ana a sukulu amabwerera kunyumba akusekerera. Olira ndi odwala ndi amayi apakati.

Atabwera matipate, a boma anati chitukuko tsopano ndi cha eni ake: inu tutani mchenga ndi miyala, ife tibweretsa simenti, zitsulo ndi mmisiri. Masiku amenewo chilichonse chinali voti. Ngakhale wotakasa thobwa paukwati anthu ankafuna achite kumusankha pamzere. Ndiye tinasankha komiti ya mlatho, ndipo khamu lonse linakaima kumbuyo kwa Timoteyo, mwana wa malemu achimwene anga. Mlamu wake Benedict, amene ankaufunanso mpandowo, atacheuka anapeza kumbuyo kwake kuli mkazi wake ndi galu basi.

Timoteyo sanamusankhire kulankhula ayi, munthuyo pakamwa ndi polemera. Anamusankhira kusunga. Fodya wake sanachitepo chuku. Mbewu yake sinafumbwepo. Jekete imene anakwatira nayo Esitele ikadali ndi mabatani ake onse. Dzuwa likangoti ng'aa, pabwalo pake pamakhala ngati pamsika wa kaunjika, mabulangete pachingwe, mphale pamphasa, nsapato padenga la nkhokwe. Kwa iye mdani wa chinthu chilichonse ndi chinyezi, ndipo sing'anga wake ndi dzuwa. Bambo ake analinso chimodzimodzi. Tonse kuno tinaleredwa choncho.

Tsiku lina mu Januwale kunabwera njinga yamoto, pamwamba pake pali mayi wachitsikana wa ku ofesi ya zomangamanga ku boma. Dzina lake Mayi Wezzie, wakumpoto, Chichewa chake chokoma ngati akuimba. Kumsana anabereka paipi ya pulasitiki yotseka uku ndi uku, ngati mfuti ya alenje. Anafikira pabwalo pa Timoteyo, komiti ili pomwepo, ife amiseche tili chapatali pang'ono. Anatsegula paipi ija n'kusolola chipepala chachikulu ngati chitseko. Amuna anagwira m'makona kuti mphepo ingachitenge. Pachipepalapo panali mizere ya buluu yopyapyala ngati mitsempha ya tsamba la fodya, ndi timanambala ting'onoting'ono ngati nyerere zili pa ulendo.

"Uwu ndiye mlatho wanu," anatero Mayi Wezzie.

Ine ndinasendera. "Mwanawe, nanga ng'ombe zidutsa bwanji papepala?"

Anaseka. "Agogo, iyi ndi pulani. Kuya kwa maziko kwalembedwa apa, kukula kwa zitsulo apa. Kapitawo sangakumbe ngakhale kadzenje asanawerenge pamenepa." Kenako anatembenukira kwa Timoteyo. "Atcheya, pulaniyi ikhala kwa inu. Kapitawo abwera mvula ikatha. Koma dziwani kuti kwa Zulu kulinso mlatho wina ukumudikira. Akakupezani osakonzeka apita kumeneko, inu mudzaonana naye chaka china. Ndipo mapepala otere sitisindikiza kuno, makina ake ali ku Lilongwe. Musaipinde. Musainyowetse. Ikhale pouma."

Cha ku Zambia mitambo inali itada bii, kukugunda. Mayi uja anakulunga pulani msangamsanga, kuibwezera m'paipi, kukwera njinga yake, uyo akuthamangitsana ndi mvula. Timoteyo anailandira paipi ija ndi manja awiri atawerama, ngati akulandira mwana kuubatizo.

M'mawa mwake ndikusesa pakhomo ndinamva, "Azakhali! Tabwerani kuno."

Ndinamupeza Timoteyo m'nyumba atatsegula paipi, nkhope atakwinya.

"Tanunkhizani."

Ndinaika mphuno. Abale inu! Fungo linandilasa mpaka misozi.

"Iii Timo, wakodzeramo ndani?"

"Ndi zimene ndikudabwa. Inagona pamwamba pa denga la kabati, yotseka bwinobwino."

"Ndiye ndi makoswe a ku boma. Amenewo ndi ophunzira, amadziwa kutsegula ndi kutsekanso."

Esitele anali pakhomo ndi ndowa. Iye ndi munthu wa mawu ochepa koma olunjika. "Bambo a Filomena, bwanji mukangowafunsa amayi aja?"

"Ndikafunse kuti chiyani? Kuti a boma, pulani yanu ikununkha mkodzo? Mphasa ya mwana wokodza pogona mumakafunsa kwa a DC? Chinthu chikanunkha chonchi ndiye kuti chanyowa. Anati ikhale pouma. Basi, tiiumitse."

Kunena zoona, panalibe amene akanamutsutsa. Ngakhale ine ndinangogwedeza mutu.

Tsiku lomwelo anadula mitengo n'kumanga thandala latsopano, lalitali kuti mbuzi zisafikire. Anayalapo mphasa yatsopano. Anatsuka miyala yosalala yotsinjirira m'makona. Dzuwa litakwera anayala pulani ija, mizere ikuyang'ana kumwamba, iye n'kukhala pambali ndi kandodo kopirikitsira nkhuku. Kamtambo kakangoti suzumire, iye wakulunga kale. Mwana wake weniweni sanamulerepo chotero.

Fungo linatha pasanapite masiku ambiri, ndipo Timoteyo anayenda chifuwa chili patsogolo. Koma poti inali nthawi ya dzinja, makoma akutuluka thukuta, iye anati chinyezi ndi mbala, chimabwerera. Ndiye dzuwa likangotuluka, pulani panja. Anthu opita kudimba ankaima kudzaona. Ena ankavula zipewa.

"Atcheya, mwauyanika mlatho?"

"Tauyanika."

"Eee, koma tinasankha munthu."

Benedict yekha ndiye ankadutsa akuti, "Alamu, ukapsa mutigawireko."

Kumtsinje nako ntchito inali ikuyenda. Amayi ankatuta mchenga m'mabeseni kuchokera kutali kumunsi, chifukwa wa pafupi unali wamatope. Amuna ankaswa miyala kuphiri n'kumatsitsa pangolo. Milu inakula mpaka ana n'kumasewerapo. Amayi anapeka ndi nyimbo yomwe, yotchula dzina la Timoteyo, kuti chaka chino tiwoloka titavala nsapato.

Cha mu Malichi ndinapita kukapempha mchere kwa Esitele. Podutsa pathandala ndinasuzumira.

"Timo, nyerere zija zasamukira kuti?"

"Nyerere ziti?"

"Timanambala tija."

"Ndi maso anu, azakhali. Akalamba."

"Maso angawa amaona nsabwe m'mutu mwa munthu ali tsidya lina. Tabwera."

Anabwera. Anayang'ana. Anaphimba ndi chipewa kuti pachite mthunzi, n'kuyang'ananso. Munthu ukamaona chinthu tsiku ndi tsiku sudziwa kuti chikusintha, zili ngati mwana akamakula. Pepala linali litasanduka lachikasu ngati fodya wa kunsi. Mizere ikuluikulu inkaonekabe patalipatali, yosuluka ngati chitenje cha chipani chimene chachapidwa chaka chonse. Koma timanambala tambiri tinali titapita, psiti.

Timoteyo anakhala pansi, padothi penipeni. Nkhuku inadumphira pathandala, iye osaiona. Ndinachita kuipirikitsa ndine.

Nditacheuka ndinaona khosi lake litagwa.

"Musauze munthu, azakhali," anatero.

"Ine sindiuza munthu. Koma iwe uuze munthu. Kwera njinga mawa, ukawapeze amayi aja."

"Ndiyambe ndayesa."

Anayesadi, mwa nzeru za fodya. Tsamba likaumitsa limafewa ndi mame, ndipo mtundu wake umabwerera. Ndiye anaipachika pulani m'chigafa m'bandakucha kuti imwe mame. Inamwadi. Inatuluka ili makwinya okhaokha ngati nkhope yangayi, manambala osabwerera ngakhale limodzi. Atatero anatenga bolopeni ndi rula ya mwana wake Filomena, n'kudzitsekera m'nyumba masana dzuwa likuswa mtengo, kumalondola mizere imene inatsala. Pepala lofewa lija linabooka malo angapo. Pamene panali manambala anayesa kulemba amene ankawakumbukira, koma atalemba anaona yekha kuti akunama, n'kuwafufuta. Pofufutapo panabookanso.

Kuyambira pamenepo thandala linangokhala lopanda kanthu. Timoteyo analeka kupita kumtsinje. Amayi akamadutsa ndi nyimbo yawo ija, iye ankalowa m'chigafa ngati wakumbukira ntchito. Chakudya ankangochitola pang'ono n'kusamba m'manja. Kutchalitchi, munthu amene ankakhala kutsogolo, anayamba kukhala kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Benedict ananunkhiza kanthu. Anabwera Lamulungu lina atapachika wailesi paphewa.

"Alamu, masiku ano mlatho simukuuyanika bwanji? Dzuwa lonseli likungopita pachabe."

"Unauma."

"Tiuoneko, poti ndife a komiti."

"Mphepo yachuluka."

Benedict anayang'ana mitengo. Tsamba ndi limodzi lomwe silinkagwedezeka. "Zoona alamu, chimphepo," anatero, n'kumapita akuimba mluzu.

Ine ndinamukakamiza Timoteyo mpaka anamangirira paipi panjinga n'kupita ku boma. Anabwera madzulo, paipi ili pomwepo, ndi kapaketi ka sopo.

"Wawapeza?"

"Munali anthu ambiri."

"Ndiye?"

"Ndinaima pakhomo. Mlonda anandizindikira, akuti, 'Aa, atcheya a mlatho, lowani.' Ndinangomupatsa moni."

Sabata yotsatira anapitanso. Ulendo umenewo anafika mpaka pawindo, n'kumuona Mayi Wezzie ataweramira pa tebulo. Anabwera ndi machesi.

"Timo," ndinatero, "ukapitanso kachitatu udzatigulire shuga, tione phindu la maulendowa."

Sanaseke. Anangoti, "Anthu anaima kumbuyo kwanga, azakhali. Mudzi wonse. Ndikayambe ndi mawu ati?"

Esitele ndiye ankaonda limodzi naye. Tsiku lina tikusankha fodya m'chigafa tonse atatu, Esitele analankhula maso ali patsamba.

"Tsikulo likadzafika mudzanene kuti ndine. Kuti ndinayanika inu kulibe. Mkazi akalakwa anthu amaseka tsiku limodzi n'kuiwala."

Ndinadikira kuti Timoteyo akane. Anangopitiriza kumanga fodya wake. Sanavomere, komanso sanakane.

Mvula inatha, udzu unayamba kufiira. Mu Meyi lole inatulukira ikufuka fumbi, itasenza matumba a simenti ndi mitolo ya zitsulo, Mayi Wezzie ali patsogolo ndi njinga yake. Mudzi wonse unathamangira kumtsinje. Nthungululu, nyimbo, ana kukwera pamilu ya miyala kuti aone bwino. M'lole munatsika kapitawo, bambo Mateyo, munthu wamfupi wa pensulo kukhutu. Anazungulira milu ija, kufinya mchenga m'manja, n'kugwedeza mutu.

"Mchenga wabwino uwu. Amayi, mwagwira ntchito. Atcheya ali kuti? Pulani ibwere tiyambe kukhoma zikhomo, anyamata atsitse katundu."

Timoteyo anafika pomalizira, atavala jekete, paipi ili m'khwapa. Ankayenda ngati akupita kukapepesa maliro. Anayala mphasa pansi. Mayi Wezzie anatsegula paipi akumwetulira, n'kusolola, n'kutambasula.

Kumwetulira kuja kunazima.

Bambo Mateyo anagwada, kuyang'ana, n'kunena kuti, "Mwina uku ndi kuseri." Anatembenuza chipepala chija. Kuseri kunali mbee. Anachitembenuzanso. Mizere ya bolopeni yokhotakhota, timabowo, chikasu. Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuibwezeranso.

Nyimbo inatha yokha, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Bambo Timoteyo," anatero Mayi Wezzie motsitsa, "chachitika n'chiyani?"

Timoteyo anangoti zyoli. Ndiye Esitele anadutsa pakati pa anthu, n'kudzagwada pamaso pa mayi uja, manja ali pamodzi.

"Pepani amayi, ndine. Ndinaiyanika padzuwa abambo kulibe."

Aliyense pamenepo anali atamuonapo Timoteyo atakhala pathandala ndi kandodo kake, ena anachita kumuvulira chipewa. Aliyense ankadziwa, ndipo aliyense ankayang'ana Timoteyo kuti atani. Iye anangoima, mkazi wake ali chigwadire pamiyala. Sikuti inali nthawi yaitali, koma ine ndinamva ngati ndavula pagulu.

Benedict ndiye anayamba kulankhula, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Mlongo wanga, dzuka. Mawondo amenewo si a lendi. Kapena unkavala chipewa cha alamu ndi ndevu zawo?"

Apo Timoteyo anawerama n'kumugwira Esitele pamkono. "Dzukani, amayi a Filomena." Mawu ake anali ngati a munthu wodwala. "Ndine ndinkayanika. Ndekha."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Mayi Wezzie.

"Inkanunkha."

"Inkanunkha chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna pothawira. "Mkodzo."

Wina kumbuyo anaphulika. Kenako wina. Kuseka kunayenda m'khamu monse ngati moto wa lupsa, mpaka anyamata a palole anagwira m'mimba. Koma sikunakhalitse, chifukwa anthu ankati akaseka, maso n'kugwera pamilu ya mchenga ija.

Mayi Wezzie sanaseke. Anagwira pakamwa. "Mayo ine. Bambo, limene lija ndi fungo la mankhwala amene amasindikizira mapepala amenewa. Onse amanunkha choncho akakhala atsopano. Ndipo mizere yake imaopa dzuwa kuposa madzi. Imafuna mumdima, m'paipi mwake momwemo, yotseka. Ndikanakuuzani tsiku lija. Ndinathamangira mvula." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenako anafunsa, "Munaona liti kuti yayamba kusuluka?"

Ine mumtima ndinati, nama mwanawe, kamodzi kokha, nena kuti dzulo.

"Mu Malichi," anatero Timoteyo.

"Mu Malichi?" Mayi uja anaimirira. "Bambo, mukanangobwera. Ndikanatumiza uthenga ku Lilongwe, ina ikanafika kalekale. Ofesi yathu simuidziwa?"

"Ndimaidziwa."

Palibe anasekanso. Za dzuwa zija aliyense akanachita, ndipo anthu ankadziwa zimenezo. Koma zobisazi zinali zake yekha.

Bambo Mateyo anasasa fumbi m'mawondo. Analankhula mwaulemu ndithu. Anati sangaike zitsulo mongoganizira pamalo podutsa ngolo ndi ana, ndipo sangakhalenso ndi anyamata ndi simenti kudikira pepala limene sakudziwa tsiku lake lofika. Anapepesa amayi. Anakwera. Lole inabwerera chambuyo, kutembenuka movutikira, n'kulunjika kwa Zulu, matumba onse ali momwemo.

Anthu sanamutukwane Timoteyo. Bola akanamutukwana. Ankangomudutsa mmodzimmodzi, maso kumbali. Mayi wina wachikulire, amene anatuta mchenga dzinja lonse ndi mwendo wotupa, anaima patsogolo pake, kuchotsa nkhata imene inali ikadali pamutu, kuiika pansi pafupi ndi nsapato zake, n'kumapita. Timoteyo anatsala yekha ndi ine ndi Esitele, akukulunga chipepala chija mosamala, osachipinda, ngati chikadali ndi ntchito.

Pulani ina inabwera nthawi yozizira. Mayi Wezzie anafuna kumupatsanso iye yemweyo, koma Timoteyo anabisa manja kumbuyo. Inakasungidwa kutchalitchi, m'paipi mwake, m'kabati yamdima. Msonkhano womuchotsa pampando sunaitanidwe, ndipo anthu anapitiriza kumutchula atcheya. Iye akamva dzinalo ankadzidzimuka ngati wapondedwa pachilonda.

Mvula inabweranso mu Disembala. Kamtsinje kanatupa monga mwa khalidwe lake, n'kunyambita theka la mchenga uja. Tsiku loyamba limene madzi anafika m'chiuno, amayi opita kuchigayo anamupeza Timoteyo ali kale pamenepo, buluku atapinda, malaya ali pamtengo. Sanatumidwe ndi munthu. Ankalandira matumba n'kuwolotsa pamutu. Ana a sukulu ankawanyamula paphewa. Njinga, nkhuku, odwala. Anthu akathokoza iye ankangobwerera kukatenga wina. Tsiku lotsatira analiponso, ndi linzake lomwe.

Tsiku lina ndinafuna kupita kuchipatala ku Kachebere, dzino likundivuta. Ndinamupeza ali m'madzi, milomo itachita phulusa ndi kuzizira.

"Ndibereke," ndinatero.

Anatembenuka n'kuwerama. Ndinakwera, kukulunga manja pakhosi pake. Munthuyo anali atatha, mafupa okhaokha. Tinalowa m'madzi, iye akufufuza miyala ndi mapazi pang'onopang'ono.

"Koma Timo," ndinatero tili pakati, "mlatho uwu ndiye wabwino. Wofunda, ndipo umadzibweretsa wokha. Ungosowa zogwirira m'mbali."

Anaima. Madzi ankawomba m'chiuno mwake. Ndinamva msana wake ukunjenjemera, ndipo sindikudziwa ngati kunali kuseka, kuzizira, kapena china.

"Azakhali," anatero, "khalani chete. Ndingakugwetseni."

Ndinakhala chete mpaka tsidya.